Pemphero Losatsekedwa la pa Phiri la Likanani

Nkhani iyi ena amakana kuimva mitambo ikalendewera paphiri, koma poti lero kwayera, khalani pansi ndikuuzeni mmene zinayendera.

Fanuwelo Mulipa anali woyeza mvula. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Likanani. M'mawa uliwonse ankalowa pa kabwalo kotchingidwa ndi waya, n'kutsanulira madzi a m'chitini mu botolo la mizere, n'kulemba nambala m'buku. Anthu ankamuseka kuti amadyera kuwerenga madontho, iye osakwiya. Ankati chilichonse pansi pano chili ndi pomwe chimayambira. Mwana akatsegula m'mimba, funsani chitsime. Chimanga chikapserera, funsani dzuwa.

Mlamu wake, Bizaliele, ankaona zina. Iyeyu anali mchimwene wa Edelesi, mkazi wa Fanuwelo, ndipo ndiye ankalalikira m'kachisi wa zidina wa m'mudzi wa Mulowele, pakati pa phirilo, kachisi amene anthu ankalowamo atavula nsapato pakhomo. Kwa Bizaliele, ngakhale tsamba silinkathothoka Mulungu asanalole. Awiriwa akakumana, kaya ndi paukwati kaya pamaliro, ankatsutsana mpaka Edelesi kuwalanda mipando.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku atatu osapumira. Lachitatu masana, cha m'ma folo koloko, phiri linang'ambika. Akuluakulu amati napolo wadutsa. Matope, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe, zinatsika pamodzi n'kukwirira mudzi wa Mulowele, kachisi ndi onse amene anathawiramo. Edelesi anali atakwera kumudziko sabata imeneyo kukazula nyemba m'munda wa makolo ake. Fanuwelo anali ku esiteti. Bizaliele anapulumuka, koma mmene anapulumukira sankafotokozera munthu.

Otsala anasonkhana pa sukulu ya m'munsi. Ofufuza mitembo anakumba masiku awiri m'mphepete mwa matopewo, kenako analeka, n'kunena kuti kumtunda nthaka ikuyendabe, asapondeko munthu. Lamulungu m'mawa Fanuwelo anatenga khasu. Atafika pageti la sukulu anapeza mlamu wake ataima, nayenso khasu lili paphewa.

"Mukukwera, alamu?" anafunsa Bizaliele.

"Ndikukatenga amake Sungeni. Mwana akabwera kuchokera kusukulu adzafuna kuona manda a mayi ake. Ndidzamulozera chiyani? Phiri?"

"Tipitire limodzi."

Anayenda m'minda ya tiyi osalankhula. Mvula inali italeka, kungotsala mawawa, koma nkhungu inali itakhala paphiri ngati thonje lonyowa. Chimene Fanuwelo anayamba kuchizindikira chinali bata. Njira imeneyi ankaidziwa ngati chikhatho chake, ndipo nthawi zonse munkamveka atambala a kumtunda, agalu, ana oitanizana. Tsiku limeneli kunali zii. Ngakhale pumbwa sanalire.

Mwina batalo ndi limene linatsegula pakamwa pa Bizaliele.

"Tsiku lawo linali litakwana, alamu. Palibe akanalisuntha. Tingovomereza."

"Linakwanitsidwa ndi nkhwangwa," anayankha Fanuwelo. "Mitengo ya pamwamba paja tinaimaliza ndi makala. Dothi lamwa madzi masiku atatu, lalemera, pansi pake pali thanthwe loterera. Mumati lipite kuti? Ikani phala pa mbale yopendekeka muone."

"Nanga bwanji nyumba ya Makwinja, chidakwa uja, yatsala chiimire pamene oyandikana naye onse apita? Matope ali ndi maso?"

"Nyumba ya Makwinja ili kuseri kwa mwala."

"Mwalawo anauika pamenepo ndani?"

"Ngati wosankha ndi Mulungu, alamu, ndiye wasiya chidakwa n'kutenga opemphera."

Mawuwo atangotuluka, Fanuwelo analakalaka akanawameza. Bizaliele anangosinthira khasu paphewa lina.

Anafika pamtsinje wa Nampende. Mlatho wamatabwa panalibe, panangotsala zipilala ziwiri. Madzi anali ofiira ngati katondo, olekeza m'mawondo. Anawoloka atagwirana manja, n'kuyamba kukwera. Tsidya limenelo njira inali itasanduka matope okhaokha, ndipo phazi lililonse linkamira mpaka m'katumba, potuluka n'kulira kuti phwa.

Atayenda ndithu, Fanuwelo anamva ngati kumbuyo kukubwera munthu. Sanamve kuponda kwa mapazi ayi, anangomva nsalu yokhuzana ndi miyendo. Potembenuka anaona mayi akutuluka mu nkhungu, atasenza beseni, chitenje china atachikulunga kumutu mpaka kubisa pakamwa.

"Zikomo abambo, ndidutse nawo," anatero mayiyo.

Anamupatukira. Podutsa, Fanuwelo anaona kuti m'besenimo munali ufa, wosavundikira, woyera mbee, ndipo ngakhale kunali mawawa, ufawo unali wouma, ukufuka pang'ono ndi kamphepo. Mayiyo atapitirira mapazi asanu anaima. Sanatembenuke.

"Kodi mapemphero aja atha?"

Khasu la Bizaliele linagwera m'matope.

"Ndachedwa kuchigayo, mzere unali wautali," anapitiriza mayiyo, ngati wopepesa. "Ndimaopa ndipeza mwatseka kale."

Mayiyo anadikira pang'ono, kenako anapitiriza ulendo wake. Ankayenda mwamsanga, beseni osagwedezeka, ngati woyenda pabwalo losesa, pamatope omwewo amene amuna awiri ankamira. Nkhungu inamutsekera.

"Wasokonezeka ndi chisoni ameneyu," anatero Fanuwelo, mawu ake akumveka aang'ono. "Zimachitika. Munthu akaona zoopsa mutu umabwerera pa tsiku lakale. Ndipo akazi opepuka sangamire ngati ife."

"Chigayo chiti, alamu? Chigayo chinapita Lachitatu."

"Mwina cha kumsika."

"Cha kumsika chilibe magetsi chiyambire mvula."

"Mukumudziwa?"

Bizaliele anatola khasu lake, n'kulipukuta ndi dzanja kwa nthawi yaitali. "Mawuwo ndikuwadziwa," anatero, osawonjezerapo.

Fanuwelo anayang'ana pansi kufuna mapazi a mayiyo. Anaona a iye mwini ndi a mlamu wake, maenje odzaza madzi. Anadziuza kuti matope ofewa amadzitseka okha, ndipo sanayang'anenso pansi.

Anafika pamene panali mudzi dzuwa lili pamutu, likuoneka ngati mbale ya malata kuseri kwa nkhungu. Munthu wosadziwa sakanakhulupirira kuti panakhalapo anthu. Panali chigwa chatsopano cha miyala ndi matope, chotambalala ngati mabwalo atatu a mpira, apa nsonga ya lata, apo mwendo wa mpando. Fungo lake linali la dothi lokumbidwa pansi kwambiri, losakanikira ndi fungo lina limene onse awiri sanalitchule. Chapambali pankathamanga kamtsinje katsopano, kakusokosera pamiyala, ndipo phokoso lake lokha ndi limene linkasonyeza kuti dziko likadali moyo.

Bizaliele analoza chitsa cha mbawa wothyoka pakati. "Kachisi anali kummawa kwa mtengo uwu. Mapazi makumi awiri."

Anawerenga mapaziwo n'kuyamba kukumba. Matope anali olemera, omata kukhasu. Anakumba mpaka thukuta kusakanikira ndi mawawa, osapeza kanthu koma mizu ndi zigumukire za zidina. Kenako Fanuwelo anatema pansi, khasu n'kugunda mwala: gu!

Pansi panayankha: gu.

Onse anaima.

"Miyala ikukhazikika," anatero Fanuwelo. "Pansipa pali mipata. Madzi akuyenda, akukankha timiyala."

Pofuna kudzitsimikizira, anagunda mwala uja ndi msana wa khasu katatu. Anadikira. Kamtsinje kankasokoserabe. Anatsala pang'ono kumwetulira.

Gu. Gu. Gu.

Sizinamveke ngati mwala pamwala. Zinamveka ngati chikhatho pa benchi yamatabwa, ndipo sizinachokere pansi pa khasu ayi, zinachokera chakumanzere, patali ndithu.

"Alipo wamoyo!" anafuula Fanuwelo. "Alipo pansipo? Yankhani!"

Zii.

"Palibe wamoyo, alamu," anatero Bizaliele. Anali atakhala pamwala, khasu ataliika pambali, manja ali pakati pa mawondo. "Masiku anayi m'matope? Inu nomwe mukudziwa. Khalani pansi ndikuuzeni zimene sindinauze munthu."

Fanuwelo sanakhale, koma anamvetsera.

"Lachitatu lija anthu ankafuna kutsikira kumunsi. Ndine ndinawaletsa. Ndinati tithawire m'nyumba ya Mulungu, phiri silingagwere ana ake akupemphera. Anandimvera. Tinalowa, tinayamba. Tili pakati ndinakumbukira mbuzi zanga. Khola linali pafupi ndi khwawa. Ndinawauza kuti, pitirizani abale, wina asadzuke, ndikubwera ndidzatseke pemphero." Anapukuta kumaso ndi mkono. "Anthu ndinawasiya m'manja mwa Mulungu, alamu, koma mbuzi ndinakazitenga ndekha. Ndili pachitunda ndi mbuzi zanga zisanu, ndinamva phiri likubangula. Ndinaona denga la kachisi likupindika ngati tsamba."

Anakweza maso, ofiira psu.

"Mukaona ndikukakamira kuti linali tsiku lawo, n'chifukwa chake. Ngati silinali tsiku lawo, ndiye ndinawapha ndine."

Fanuwelo anayang'ana kumbali, ndipo m'pamene anaona kuti pambali pa mwala umene mlamu wake anakhalapo panalibe khasu.

"Khasu lanu lili kuti?"

Bizaliele anapapasa pansi, anaimirira, anazungulira mwalawo. Panali chidindo chokha cha mpini pamatope. Anayang'ana uku ndi uku. Nkhungu itang'ambika pang'ono analiona: linali chakumanzere, mapazi ngati makumi atatu kuchokera pomwe anali, litazikika m'matope, mpini uli njo kuloza kumwamba. Pakati pa iwo ndi khasulo matope anali osalala, osapondedwa.

"Nthaka ikuyenda," anayamba Fanuwelo. "Anatiuza kuti ikuyendabe. Ikhoza kutenga chinthu n'ku..." Nthaka imatsika, siyenda chopingasa, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Anapita pomwe panali khasulo. Bizaliele anazula khasu lake n'kutema pomwepo. Sanateme kakhumi n'komwe, anakumana ndi simenti: sitepe ya pakhomo la kachisi. Anayamba kukokolola ndi manja.

Pasitepepo panali nsapato. Zinali pamzere, ziwiriziwiri, zoloza kukhomo, monga eni ake anazisiyira. Masilipasi, majombo a kutiyi, nsapato za pulasitiki, tinsapato ta mwana takuda ta kusukulu. Phiri limene linanyamula miyala yonga nkhokwe silinasunthe ngakhale imodzi. Fanuwelo anagwira jombo ina. M'kati mwake munali mouma.

Anayenda chogwada kutsata mzerewo, akufunafuna nsapato zobiriwira za pulasitiki zimene anamugulira Edelesi pa Khirisimasi. Anafika kumapeto, n'kubwereranso. Panalibe. Koma pakati pa mzerewo, pakati pa masilipasi ofiira ndi majombo, panali mpata wokwana nsapato ziwiri.

"Mlongo wanga anaika zake pamenepa," ananong'ona Bizaliele. "Ndinamuona ndi maso anga. Ndiye kuti anatuluka ine nditachoka. Ankangoyang'ana kukhomo tsiku lonse. Ankati, bambo ake Sungeni akaona madzi a m'chitini chawo chija abwera kudzanditenga, sangalephere. Mwina anatsikira kumlatho kukakuchingamirani. Koma poti mlatho unali utapita kale..."

"Unali usanapite."

Fanuwelo anamva mawuwo akutuluka okha.

"Chitini chinasefukira kawiri isanakwane thwelofu. Zaka zonsezi sindinaonepo zotero. Ndinauza kalaliki wa ku esiteti kuti phiri ili silipirira. Ndinadziwa, alamu, ndinadziwa bwinobwino. Ndinathamanga mpaka pamlatho, cha m'ma fili koloko. Madzi ankanyambita matabwa, mlatho ukunjenjemera, koma unalipo. Ndinaponda thabwa loyamba, ndinamva miyala ikugubuduka pansi pa madzi, ndinabwerera. Anthu onse ndinawauza kuti ndinapeza utakokoloka."

Amuna awiriwo anayang'anana, atagwada m'matope, nsapato za akufa zili pakati pawo.

Pamenepo m'pamene anayamba kumva. Poyamba zinali ngati njuchi zili m'phanga. Kenako zinakula, n'kukhala mawu a anthu ambiri olankhulira pamodzi motsitsa, aliyense zake, monga amachitira mpingo ukauzidwa kuti aliyense apemphere. Mawu enieni sankamveka. Koma munkamveka nkhalamba, munkamveka amayi, ndipo penapake kamwana kankatsokomola. Zinkachokera kuseri kwa sitepe, pansi pa matope okwera kuposa munthu. Anali mawu otopa, a anthu amene anena zonse zimene anali nazo, n'kuyambiranso, n'kuyambiranso.

Bizaliele anagwira mkono wa mlamu wake, zala n'kulowa m'mnofu.

"Alamu, ndiuzeni kuti ndi madzi. Inu mumadziwa zinthu izi. Ndi mphepo yolowa m'mipata ya miyala, eti? Nenani!"

Fanuwelo anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu mwake monse, m'mene munkakhala yankho la chilichonse, ndipo anapezamo mbee. Chimene anachipeza chinali china. Mawuwo ankamveka bwino chonchi chifukwa kamtsinje kaja kanali katasiya kusokosera. Anatembenuka. Pamiyala pamene madzi ankathamanga panangotsala timadontho.

Izi zokha ankazidziwa. Mtsinje ukauma mwadzidzidzi nthawi ya mvula, ndiye kuti kumtunda kwagumuka china n'kuutseka, madzi akudzikundika kuseri, ndipo akaboola amabwera onse nthawi imodzi.

"Tiyeni! Madzi atsekeka kumtunda. Akaphulika atsikira mu Nampende. Tikathamanga pompano tiwoloka asanafike. Dzukani!"

Koma Bizaliele anali akumasula zingwe za nsapato zake. Anazivula n'kuziika kumapeto kwa mzere, zoloza kukhomo.

"Ndinawauza kuti wina asadzuke," anatero. "Pitani, alamu. Ine ndinasiya ntchito pakati."

Fanuwelo anathamanga mapazi khumi n'kuima. Mtima unkamuuza kuti thawa, koma anabwerera. Sanagwade, sanavule nsapato. Anangoima kumbuyo kwa mlamu wake, maso ali kumtunda, makutu ali tcheru.

Bizaliele anaponda pasitepe ndi mapazi ake osavala n'kukweza dzanja monga ankachitira Lamulungu lililonse. Mawu a pansi aja analeka nthawi yomweyo, onse pamodzi. Bata limenelo linali loopsa kuposa phokoso, chifukwa linali bata la anthu omvetsera.

Pempherolo silinali lalitali, ndiponso silinali ngati mapemphero ake a kale, odzaza mawu akuluakulu. Anati, "Atate, ndachedwa. Awa ndi anthu anu, ndinawasiya atagwada. Sindikudziwa ngati munawaitana ndinu kapena ndinawatsekera ndine. Atopa. Aloleni adzuke, apite." Anangoti, "Ameni."

Ndipo anayankhidwa. Ameni ameneyo anachokera pansi, wa anthu ambiri, wautali, ngati mpweya wotuluka m'chifuwa chimodzi chachikulu. Koma liwu limodzi, la mayi, linayankhira kumbuyo kwa Fanuwelo, pafupi kwambiri, moti anamva kafungo ka ufa wongogaya kumene.

Sanatembenuke. Anagwira mlamu wake pamkono, ndipo anathamanga.

Za kutsikako Fanuwelo sankakumbukira zambiri. Ankagwa, kudzuka, kugwanso. Makasu anawasiya komweko. Bizaliele mapazi anachekeka ndi miyala koma sanadandaule. M'mutu mwa Fanuwelo munkangoyenda masamu: madzi atsekeka nthawi yakuti, chigwa n'chotalika mwakuti, nthawi ilipo, tiwoloka. Atakhota pa ngodya yomaliza anaona zipilala za mlatho ndi madzi a Nampende ataphwa mpaka m'kakolo.

"Mwaona? Tafika bwino! Tiyeni!"

Bizaliele anamukoka malaya.

Patsinde pa chipilala cha tsidya lawo, pomwe njira inkalowera m'madzi, panakhala munthu. Anali mayi, atawafulatira, atakumbatira mawondo, akuyang'ana kutsidya, kunjira yochokera ku esiteti. Chitenje chake chinali chonyowa, chomata kumsana. Kumutu kunali matope ouma. Kuphazi kunkaoneka nsapato yobiriwira.

Fanuwelo anaudziwa msana umenewo. Anagona pambali pake zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Panalibe njira ina yolowera m'madzi koma kudutsa pambali pake, pafupi moti nsalu zikanakhudzana. Anayesa kuitana kuti amake Sungeni, koma lilime linali ngati chikuni. Mayiyo sanagwedezeke. Kenako, pang'onopang'ono, mutu wake unayamba kupendekeka, monga amachitira munthu amene wamva mapazi amene amawadziwa. Phewa linayamba kutembenuka. Tsaya linayamba kuoneka.

Fanuwelo sanadikire kuti aone nkhopeyo. Anakuwa ngati mwana, n'kutembenuka, n'kukwera chitunda cha pambali chokwawa, akugwira udzu ndi minga, Bizaliele ali pambuyo pake. Anakwera osayang'ana m'mbuyo mpaka mpweya unawathera.

Ali pamwambapo anamva kubangula. Nthaka inanjenjemera pansi pa mimba zawo. Madzi anatulukira pangodya ya chigwa ngati khoma, akuda, atasenza mitengo yathunthu, ndipo m'kuphethira kwa diso zipilala zonse ziwiri zinapita, pamodzi ndi powolokera ponse. Akanalowa mumtsinje muja, madziwo akanawapeza ali pakati penipeni.

Anagona pachitundapo nthawi yaitali, akuwefuka. Woyamba kulankhula anali Bizaliele.

"Masamu anu analakwa, alamu."

"Analakwa."

"Ndiye mwaona. Mulungu anamuika pamenepo kuti atitsekere njira. Mlongo wanga watipulumutsa."

Fanuwelo anapukusa mutu, misozi ikutsika m'matope a kumaso kwake.

"Sanabwere kudzatseka njira. Anali pomwe anakhala chikhalire kuyambira Lachitatu. Amadikira ine, alamu. Ndafika, wamva mapazi anga, ndipo ndathawanso."

Awiriwo anatsika mozungulira, kudzera kumlatho wa msewu waukulu, n'kufika pasukulu dzuwa likulowa, wina wopanda nsapato, onse opanda makasu.

Sabata yotsatira nthaka itauma, ofufuza anakwera n'kukumba pomwe awiriwa anawalozera. Anatulutsa anthu makumi awiri ndi atatu, ndipo anaikidwa m'manda amodzi. Mayi wina wa m'mudzimo anapezeka payekha panjira ya kuchigayo. Edelesi sanapezeke. Bizaliele sanalalikirenso. Mbuzi zija anazipereka kwa ana amasiye, n'kusamukira kwawo kwa akazi ake kuchigwa. Fanuwelo anabwerera ku ntchito, koma anapempha kuti asamatumidwe kuminda ya kufupi ndi Nampende, ndipo Sungeni akamufunsa chimene chinatenga mayi ake, tsiku lina ankati ndi mvula, tsiku lina ankati kaya.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Mlatho watsopano unamangidwa. Tsiku lina la mwezi wa Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pa Fanuwelo panaima bambo wina wogulitsa nthochi, wochokera kuseri kwa phiri, mlendo wosadziwa aliyense kumeneko. Anatula dengu lake n'kuwomba m'manja.

"Odi! Kodi a Mulipa ndi pano?"

"Ndine."

"Ndatumidwa ndi mayi ena, ndawapeza atakhala pamlatho watsopano paja. Dzina sananene, akuti mudziwa." Bamboyo anapukuta thukuta, akumwetulira ngati munthu amene wabweretsa uthenga wabwino. "Akuti ndikuuzeni kuti madzi aphwa tsopano, mukhoza kuwoloka."

Fanuwelo anayang'ana njira yopita kumtsinje, youma, yafumbi, yoyera ndi dzuwa. Anaima pakhomopo mpaka mlendoyo anasiya kumwetulira. Kenako analowa m'nyumba chammbuyo, natseka chitseko, n'kuchitsamira ndi msana.